Kapepala ka M'thumba la Nambala 64

4 Malichi

Akazi anga,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene limadandaula pa masitepe. Ndikulipaka mafuta aja.

Mng'ono wanu wandiuza pa foni kuti makalata anga simutsegula, mumangowaika m'sutikesi ya pansi pa bedi. Palibe kanthu, ndilembabe. Ino ndi yachisanu ndi chinayi kuchokera mu Julayi pamene tinataya mwana wathu. Wandiuzanso kuti Meyi akatha mukufuna kutseka nyumba n'kubwerera kwa makolo anu. Nkhaniyi ndaimva, koma sindikudziwa poigwira. Ndikudziwa kuti sindinabwere kudzamuika. Mapepala anga oyendera anali ku ofesi, zimenezo munamva. Zina ndidzanena pakamwa pakadzalola.

Za pakhomo. Lata la pamwamba pa chipinda chaching'ono likudonthabe. Mmisiri abwere adzakhome, asangomata phula ngati chaka chatha. Misomali ndaika m'katundu amene akubwera ndi adalaivala a lole, chifukwa kuno ndi yotsika mtengo. Mfundo za chingwe chabuluu musalimbane nazo, mamangidwe anga mukuwadziwa. Dulani ndi mpeni.

Ntchito ikadali yomweija. Simunandifunsepo kuti kwenikweni ndimachita chiyani, ndiye ndikuuzeni. Timachapa maovololo a ku fakitale yosungunula zitsulo. Amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo ovololo iliyonse ili ndi nambala pa kolala. Asanalowe m'makina, ine ndimapisa m'matumba onse, asanu ndi limodzi pa ovololo imodzi. Chimene ndapeza ndimaika mu envulopu yakhaki n'kulemba pamwamba: nambala, tsiku, thumba, zopezeka. Mzere womaliza ndi wakuti "Mwini watenga", pamene munthu amasayina. Zaka zitatu tsopano, sindinasokonezepo envulopu ngakhale imodzi.

Lachisanu ndinapeza chachilendo. M'thumba la pachifuwa la nambala 64 munali kapepala kong'ambidwa ku katoni, kolembedwa ndi pensulo. Lamulo langa ndi losawerenga mapepala a eni. Koma maso anagwera pa mawu, ndipo mawuwo anali a chinenero chathu, chinthu chosowa kuno. Si kalata, chifukwa palibe moni. Si mndandanda wa zogula. Ndi mizere inayi yaifupiifupi, theka la pepala longotsala. Ikunena za munthu amene masana amadula buledi pawiri, kenako n'kukumbuka kuti wodya naye kulibe.

Ndinabweza mu envulopu monga mwa lamulo. Koma mpaka lero ndikudzifunsa: munthu amalemba zoterezi kuti apatse ndani?

Mugwiritse ntchito sopo wamkuluyo poyamba, winayo aume.

Ndine mwamuna wanu.


18 Malichi

Akazi anga,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ndikhulupirira chifuwa chimene alamu amanena chatha. Ine bondo lachepako, koma kuno kwayamba kuzizira m'mawa.

Timapepala ta nambala 64 tikubwerabe, kamodzi pafupifupi pa mtolo uliwonse, thumba lake lomwelo. Tafika tinayi. Poti safunsa anadya phula, ndinakaonetsa kamodzi kwa amayi a pa simbi, amene ndi a kwathu konko. Ndi amayi akuluakulu, amasita makolala mofulumira kuposa makina, ndipo pakamwa pawo m'pomwemo.

Ndinati, "Amayi, kodi ichi n'chiyani?"

Anapukuta manja, anawerenga, anati, "Ndakatulo iyi, bambo. Kusukulu munkapita kukaba choko?"

Ndinawauza kuti ndinalekeza kupulayimale, koma ndakatulo ndikuzidziwa. Tinkaima kutsogolo, manja kumbuyo, n'kumakuwa za ubwino wosamba m'manja.

"Ijatu inali ya aphunzitsi," anatero. "Iyi ndi ya munthu amene chamubaya."

"Nanga akuonongeranji pepala? Mzere sunafike n'pakati pomwe, wayamba wina."

"Akukusiyirani popumira. Chokani, simbi ikuzizira."

Kachinayi ndinakakopera ndi dzanja langa pa pepala loyera ndisanabweze, kuti ndizikayang'ana nthawi yopuma. Ndikudziwa kuti si bwino. Kakuti:

Mpando wako sindinausunthe.
Fumbi ndimapukuta, koma sindiusuntha.
Alendo akabwera ndimakhala pansi,
iwo amati ndine waulemu.
Kapu yako ndimatsuka
ngakhale sunamwere.

Ndawerenga kambirimbiri. Palibe liwu lovuta, mwana angathe kuwerenga. Nanga chimene chikugwira mtimacho chili pati? Ndayesa kuphimba mzere umodziumodzi ndi chala kuti ndione ngati chili m'menemo. Ndikaphimba wachinayi, chimachepa. Ndikaphimba womaliza, chimachokeratu. Chimene ndinaganiza nditawerenga koyamba sindinena.

Katundu wina akubwera Loweruka. Mndandanda wake ndaika mu envulopu yaing'ono pamwamba, alamu atsegule aone ngati zonse zafika. Muli nsapato zanu, hinjesi wa chitseko cha kukhitchini ndi loko watsopano. Lokoyo si wotsekera nyumba ayi, ndi wa khola la nkhuku.

Mmisiri wa lata uja anabwera?

Ndine mwamuna wanu.


3 Epulo

Alamu,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, ndipo simunandithere nkhuku zanga. Kalata iyi ndi yanu nokha. Muwerengere kuseri, mukatha mubise.

Dzulo adalaivala andipatsa kalata ya akulu anu. Miyezi isanu ndi inayi, liwu loyamba. Ndinaiwerenga nditakhala pa mtolo wa maovololo. Alemba kuti: "Ndawerenga zimene munalemba za mpando ndi kapu. Sindimadziwa kuti nanunso mukuona zimenezi muli kutali. Ndimayesa mumangoona malata. Lembaninso."

Alamu, ndagwa m'dzenje lokumba ndekha. Mawu aja si anga. Ndi a munthu wina wa ku fakitale amene sindinamuonepo, ndimangodziwa nambala ya ovololo yake. Amasiya timapepala m'thumba, ndiye kamodzi ndinakopera ndi dzanja langa. Tsiku lomanga katundu mapepala awiri anali pa tebulo, opindidwa mofanana, chifukwa ine pepala lililonse ndimalipinda patatu. Mndandanda wa katundu ndaupeza lero pansi pa chitini cha shuga. Ndiye chimene munatsegula inu n'kuwapatsa akulu anu ndi chokoperacho. Zaka zitatu osasokoneza envulopu ya mlendo, ndakasokoneza ya kwathu.

Choopsa n'chakuti nkhani yonse ya timapepalati ndinailemba m'makalata awiri a mu Malichi, amene ali m'sutikesi osatsegulidwa. Tsiku limene adzatsegule, adziwa kuti ndinawagwetsa misozi ndi mawu obwereka. Munthu wosabwera pa maliro, n'kukhalanso wabodza. Meyi sadikira n'komwe.

Ndikupempheni ziwiri. Choyamba, makalata awiriwo muwachotse m'sutikesi. Muwazindikira, ndinalemba tsiku kuseri. Chachiwiri, musanene kanthu kufikira nditaganiza. Mtima uli m'mwamba, moti lero ndapisa ovololo imodzi katatu.

Koma chimodzi chandidabwitsa. Ine ndalemba makalata khumi, ndatumiza misomali, nsapato, sopo. Zonsezo zii. Mlendo walemba mizere isanu ndi umodzi yosamalizika, chitseko chatseguka. Muli mankhwala anji m'menemo? Ndikufuna ndimuone munthuyu.

Kodi kampando ka mwana kakadali pakhonde paja?

Mlamu wanu.


3 Epulo

Akazi anga,

Kalata yanu ndalandira. Zikomo. Ndaiwerenga kokwanira, ndipo ndaiika m'thumba la malaya limene lili ndi batani.

Ndili bwino. Ndakondwa kumva kuti chifuwa chatha.

Mwati ndilembenso. Ndimva. Mundipatse nthawi pang'ono, zinthu zimenezi sizibwera ngati madzi a pampopi. Za kapepala kaja pali zoti tidzakambe.

Hinjesi akhomedwe ndi zomangira zinayi, osati zitatu.

Ndine mwamuna wanu.


21 Epulo

Alamu,

Moni. Uthenga wanu pa foni ndaumva bwinobwino. Mwati simungalowe m'sutikesi ya akulu anu ngati mbala chifukwa cha mwamuna wamantha. Mawu ake ndi owawa, koma ndameza. Mwatinso kampando kali pomwepo, ndipo amakapukuta m'mawa uliwonse. Chimenecho sindimadziwa.

Ndamuona mwini nambala 64. Maenvulopu amapita ku fakitale ndi galimoto yathu, koma Lachitatu ndinapempha akapitawo kuti ndikapereke ndekha nthawi yopuma. Ndinaima pa kawindo ka pageti pamene anthu amasinthana ntchito masana. Ndinkayembekeza mnyamata wa magalasi. Kunabwera bambo wamfupi, wojintcha, wamkulu kuposa ine, nsidze zoyera, chipsera kuyambira pa dzanja mpaka pa chigongono. Anzake amamutcha Aphulusa.

Ndinati, "Ndinu eni nambala 64?"

Anati, "Ndinu eni maenvulopu?"

"Ndine."

"Achimwene, ndakhala ndikukufunani. Milungu isanu ndi iwiri mukundibwezera zinthu zimene ndataya. Ndinakulakwirani chiyani?"

Tinakhala pa kakhoma ka njerwa, iwo n'kumasula buledi wawo. Anandifotokozera kuti mng'ono wawo ankagwira nawo pa ng'anjo imodzi. Chaka chatha tcheni chonyamula mphika wa chitsulo chamoto chinaduka. Iwo anapsa mkono, mng'ono wawo sanatuluke. Anakhala miyezi inayi osayankhula, ntchito akugwira. Namwino wa pa kachipatala ka pafakitale ndiye anawapatsa pensulo, akuti chimene pakamwa pakukana, dzanja linene. Tsopano amalemba nthawi yopuma, n'kusiya kapepalako m'thumba dala, kuti kalowe m'makina kasungunuke.

"Ndikasunga ndiwerenganso," anatero. "Ndikawerenganso bala limanyowa. Ndikalemba chatuluka, madzi amalize. Kale ndinali m'gulu lina, maovololo athu ankapisa mnzanu wina, munthu wabwino, waulesi. Kungondisamutsa, ndagwa m'manja mwanu. Mpaka kundisayinitsa."

Ndinapepesa. Kenako ndinawauza zanga zonse, ndipo pomaliza ndinati, "Mundilembereko ina imodzi yokha, ya mwana. Ndikuthokozani bwino."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanayo anali wanga? Ankaseka bwanji? Ankakana chiyani pa mbale? Ine sindidziwa. Mukufuna muvale ovololo ya mwini, ikuthinani."

"Ine zimenezi sinditha. Ndimangodziwa kulemba zopezeka m'matumba."

"Ndiye lembani zimenezo."

Ndinayesa akundinyoza, koma nkhope inali yosaseka. Anati iwonso sadziwa malamulo ake, amangolemba chimene chilipo, buledi, mpando, kapu. "Mwaonamo liwu lakuti chisoni?" Nditabwerera ndinaganizira timapepala tonse timene ndinawerenga. N'zoona, mulibe.

Ponyamuka anadula buledi pawiri, theka n'kundipatsa ine. 

Ndayesa kulemba. Loyamba ndinayamba kuti "Imfa ndiwe woipa", ndinang'amba, chifukwa zimenezo aliyense akudziwa. Lachiwiri linasanduka malangizo a lata. Kwatsala milungu isanu ndi umodzi kuti Meyi athe. Akafunsa, muziti ndikulemba. Limenelo si bodza.

Mlamu wanu.


6 Meyi

Akazi anga,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino m'thupi. Ine ndili bwino. Lero za pakhomo mulibe. Muwerenge mpaka kumapeto, kenako muchite zimene mtima wanu ukuuzani.

Mawu a mpando ndi kapu si anga. Ndi a bambo wina wa ku fakitale amene anataya mng'ono wake. Ndinawapeza m'thumba la ovololo, ndinakopera, ndipo anafika kwa inu chifukwa ndinasokoneza mapepala. Nditalandira kalata yanu ndinadziwa tsiku lomwelo, koma ndinakhala chete mwezi wathunthu chifukwa ndinkaopa kuti mukhalanso chete. Ndinafika mpaka popempha mng'ono wanu kuti abise makalata anga a mu Malichi amene akunena zimenezi. Anakana. Musamukwiyire.

Poti ndayamba, ndimalize. Mu Julayi mapepala anali ku ofesi, n'zoona. Koma akapitawo anandiuza kuti ndikhoza kukatenga kalata yoyendera pa zadzidzidzi, imatuluka tsiku limodzi. Ndinapita mpaka pakhomo pa ofesiyo. Ndinaima pamzere, nditatsala wachitatu ndinatuluka. Ndinadziuza kuti ndikuopa kutaya ntchito. Chimene ndinkaopa ndi kuona dothi lofukulidwa kumene. Ndinkaganiza kuti ndikapanda kuona, ndiye kuti Katole akadali kusukulu. Inu munaona nokha, ndipo munaonera tonse awiri.

Dzina lake ndalilemba. Miyezi khumi dzanja limakana.

Mukukumbuka kuti ndine ndinamutcha Katole, chifukwa chilichonse cha pamsewu ankatola? Mukukumbukanso kuti musanachape ndinkakhala pakhonde n'kumapisa m'matumba mwake, inu n'kumandiseka kuti ndine wapolisi? Ntchito ya kuno ndinaiphunzira pa iye. Bambo wa ndakatulo uja anandiuza kuti ndilembe chimene ndimadziwa kulemba. Ndinatenga envulopu yakhaki yopanda kanthu, ndinadzaza mizere yake. Ndi za sabata yomaliza ndisananyamuke kubwera kuno. Sindikudziwa ngati ndi ndakatulo. Amayi a pa simbi ataona anangoti, "Mwasiya popumira," n'kupsereza kolala.

Nambala: alibe.
Tsiku: Lachiwiri, dzuwa lili pakhonde.
Diresi la sukulu, thumba lakumanja:
zitsekerero za mabotolo zitatu,
mwala wosalala, akuti ndi sopo wa nyerere,
choko chotsala ngati dzino,
nthenga ya nkhunda,
chiwala chamoyo.
Chinandilumphira pamphuno,
iye anaseka mpaka kukhala pansi.
Thumba lakumanzere:
lobooka.
Ndinati ndisoka Loweruka.
Ndinanyamuka Lachisanu.
Mwini watenga: ayi.

Izi ndiye zanga. Sizikoma ngati za eni ake zija, koma palibe mzere umene ndabwereka. Chodabwitsa, nditamaliza ndinadya chakudya chonse cha m'chitini, koyamba kuchokera mu Julayi. Sindikudziwa kugwirizana kwake.

Ngati mwatsimikiza zopita kwa makolo, sindikuletsani. Kampando kokha musakasiye pakhonde pa mvula.

Ndine mwamuna wanu.


27 Meyi

Akazi anga,

Moni. Adalaivala abwera kawiri opanda kanthu. Ndinawafunsa ngati anayang'ana bwino m'kabokosi ka kutsogolo, anati, "Bambo, mukufuna mundipise m'matumba?" Alamu pa foni akungoti muli bwino, zina akuti si zawo. Sindikudandaula, ndikungonena.

Ine ndili bwino. Bondo layambanso chifukwa cha kuzizira.

Ndathyola lamulo la ntchito. Timapepala ta nambala 64 tsopano ndimatisiya m'thumba, ndipo sindiwerenganso. Ndimangokhudza ndi zala kuti kalipo, n'kuponya ovololo m'makina. Vuto n'lakuti pepala likasungunuka limatseka sefa. Akapitawo asanaone, ndimatsegula ndekha n'kuchotsa. Limatuluka ngati thonje lonyowa, lotuwa, lodzaza chikhato chimodzi. Ndinayang'ana ngati mungatsale chilembo. Simutsala.

Ndinafuna kudziwa ngati njira yawoyi ingandigwirire inenso. Ndinalemba za pamzere wa ku ofesi paja, ndinaika m'thumba la epuloni yanga, ndinachapa. Ndinaima pa galasi la makina kuonera ikuzungulira. Kunena zoona, pa ine sizinagwire kwenikweni. Nditawauza Aphulusa, amene ndi bambo wa nambala 64 uja, anati anthu timasiyana. Ena chawo chimafuna madzi, ena chimafuna munthu wowerenga. Ndikuganiza kuti ine ndili m'gulu lachiwirili, ndipo wowerenga wake ndi mmodzi.

Ndalemba zina zitatu. Ina ndi ya nsapato zake zimene ankavala mosinthanitsa miyendo. Ina ndi ya tsiku limene anabweretsa chule m'chitini cha shuga. Yachitatu sinathe. Sinditumiza kufikira mutanena kuti mukuzifuna, chifukwa ndakusenzetsani kale zambiri.

Kwatsala masiku anayi. Ngati mukutseka nyumba, kiyi musiyire alamu, ndipo madzi mutseke pa mita.

Ndine mwamuna wanu.


10 Juni

Amake Katole,

Mwalemba pamwamba pa kalata yanu kuti "Abambo a Katole", ndiye nanenso ndayesa. Dzanja lalola.

Moni. Ndili bwino. Envulopu yanu adalaivala andipatsa Lachisanu, akuti, "Nayi, mundisiye ndipume." Inali yonenepa pakati, moti ndinayamba ndaifinya ndi zala monga mwa chizolowezi, kuyesa kulota za m'kati. Ndinalephera.

Mwati makalata onse munatsegula tsiku lomwe munandiyankha koyamba, ndipo munadziwa kalekale kuti mawu a mpando ndi a mwini. Mwati munangofuna kuona ngati ndinena ndekha. Ndiye kuti mwezi wonse uja ndinkabisa chinthu chili poyera. Alamu ayenera kuti aseka mpaka nthiti kuwawa. Mwatinso za pamzere wa ku ofesi simunandikhululukire, ndipo zimenezo tidzakamba maso ndi maso. Ndavomera. Ndapempha tchuthi cha mu Julayi, akapitawo asayina. Mapepala ali m'thumba mwanga muno, ndawaona kanayi lero. Mudzandiperekeze kumene Katole ali. Ndidzaona.

Mwati envulopu yanga ili ndi zolakwa ziwiri. Choyamba, thumba lakumanzere munalisoka inu Lamlungu lomwelo, ndiye ndisiye kulinyamula. Chachiwiri, ndinalemba za kale, sindidziwa zimene ankasunga m'menemo ine nditachoka.

Envulopu yanuyo ndinaikhuthulira pa tebulo lopindira zovala. Mfundo za chingwe chabuluu, zodulidwa mbali zonse ziwiri. Zanga. Ine ndinkati mukadula mumataya. Mwati katundu akafika, iye sankathamangira za m'kati, ankadikira mpeni, n'kutola mfundo. Akuti ankayesa kumasula kuti aone mmene bambo ake amamangira, ndipo imodzi yokha ndi imene anatha. Ndaiona, ndi yopotanapotana ija. Ndayesa kuganiza kuti anayambira mbali iti. Ndikuona ngati anagwiritsa ntchito mano.

Mukundidziwa, ndinawerenga. Khumi ndi imodzi. Katundu amene ndinatumiza iye ali moyo anali khumi ndi awiri. Ndinagwedeza envulopu, ndinayang'ana pansi pa tebulo, ndinayang'ana m'basiketi. Amayi a pa simbi anati, "Bambo, tembenuzani pepalalo." Kuseri munalemba kuti imodzi munamuikira m'thumba la diresi, anapita nayo.

Ndinatuluka panja pang'ono. Amayi aja anandipisira maovololo khumi otsala, ndipo nambala 64 ndinawauza kuti asakhudze.

Zitatu zija mwati nditumize, ndaikamo, kuphatikizapo yosathayo. Mwina mzere wotsalawo muli nawo ndinu. Ndaonetsetsa kawiri kuti ndi mapepala ake enieni, ndipo ndawapinda pawiri.

Mwati mmisiri anabwera Lolemba, lata lakhomedwa, ndipo mwadzala tomato kuseri kwa khitchini. Tomato amatenga miyezi itatu, ndawerenga. Mumuikire timitengo asanagwe.

Katundu akubwera Loweruka. Mfundo yake ndamanga yofewa. Musadule, kokani mbali yaifupiyo.

Ndine,
Bambo a Katole.